Kakhadi Kopakira Guluu

Bambo anga asoka nsapato kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, pakhonde la sitolo yogulitsa utoto, pansi pa malata awiri amene anakhoma okha. Ali ndi kampando kafupi, bokosi la misomali, chitsulo chokhomerapo nsapato ndi benchi ya makasitomala imene mwendo wake umodzi ndi njerwa. Ntchito amaidziwa, palibe angatsutse. Vuto ndi loti ntchitoyo inawalowa m'magazi: chinthu chilichonse chikafika m'manja mwawo, amayamba achitembenuza kuti aone posokera.

Ife ana awo tinaona nazo zakuda. Achimwene anawagulira jekete, iwo anakoka ulusi wa m'khwapa n'kunena kuti telala wake ankasoka akuthamangira basi. Mng'ono wanga anabweretsa lamba. Anamununkhiza, kumupinda kawiri, n'kugamula kuti ng'ombe imene inapereka chikopa chimenecho inali ya pulasitiki. Ine ndinalakwitsa kuposa onse: ndinawagulira nsapato. Lisanalowe dzuwa anali atazimatula kale soli kuti andionetse mmene andipusitsira kusitolo. Mawu oti zikomo amanena, inde, koma amatuluka ngati dzino lozulidwa. Amayi amangoti tiwazolowere, poti ngakhale iwo pa tsiku la ukwati anauzidwa kuti chidendene cha nsapato yawo chapendama.

Ndinafika zaka makumi atatu ndisanamvepo bambo anga akuyamikira chinthu chochokera kwa ine, ndipo sindibisa, zinkandiwawa.

Chaka chatha, tsiku lawo lobadwa litayandikira, ndinatopa nazo. Mnzanga wa ku ofesi anandiuza za timakhadi ta mphatso ta m'sitolo zikuluzikulu: umalipiriratu, mwini wake n'kukasankha yekha chimene akufuna. Ndinati basi, akadzudzule zimene asankha okha. Ndinakagula pa nthawi ya nkhomaliro, mphindi zisanu sizinakwane, n'kukasiya kwa amayi mu envelopu chifukwa ndinali ndi ulendo wa kuntchito.

Patapita milungu itatu ndinadutsa pakhonde paja. Bambo atandiona anaimirira, chinthu chimene sachitira ngakhale mwini sitolo. Anauza kasitomala amene anali pabenchi kuti uyu ndiye mwana uja, wanzeru uja. Kenako anatola kakhadi kanga pabokosi, kukaviika m'chitini cha guluu, n'kuyamba kupaka pa soli ya nsapato. Kankayenda bwino, ndisaname. Anandifotokozera kuti sikathyoka ngati kamtengo, sikaunjika guluu mbali imodzi, kamalowa mpaka pakona ya chidendene, ndipo guluu akaumirapo amangomusenda ndi chikhadabo. Zaka zonsezi akhala akupaka ndi chala, anatero, ana atatu akuona, koma ndi mmodzi yekha amene anaganiza.

Ndinavomera ndi mutu, n'kubwerera kuntchito ndikumwetulira ndekha mumsewu, anthu akundicheukira.

Nkhani inafika kwa abale. Achimwene anaseka mpaka kutsamwa, akuti ndisayerekeze kuulula, chifukwa kwathu kuno chiyamiko chimabwera kamodzi pa m'badwo. Mng'ono wanga, amene lamba uja ankamupwetekabe mumtima, anati ndikudya ulemu wakuba. Amayi anali atadziwa kuyambira tsiku loyamba, koma anati iwo sakulowamo: mwamuna wawo wakondwa ndi chinthu, akamudzutse ndani? Anangondikumbutsa kuti timakhadi timeneti tili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo malaya a bambo atha m'khosi. Ndinazengereza miyezi isanu. Loweruka lililonse ndinkapeza chifukwa chodutsira pakhonde paja kuti ndikamve akunditama kwa makasitomala, ndipo sindinkakhuta.

Kutatsala mlungu umodzi kuti kakhadi kaja kathe ntchito, chikumbumtima chinandigonjetsa. Ndinadikira kuti pabenchi pasakhale munthu, n'kuwauza zonse: kuti kakhadiko si chipangizo, ndi kogulira zinthu, akakapereka pakauntala atenga chimene mtima wawo wafuna. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena aseka. Iwo anakapukuta pa thalauza, n'kukatembenuza monga amachitira ndi zonse.

"Ndiye kuti iwe sunasankhe chilichonse?"

Ndinati ndinkafuna asankhe okha, poti iwo ndi amene amadziwa zinthu zabwino.

"Ine ndimayesa unakhala pansi n'kuona mmene zala zangazi zikung'ambikira," anatero motsitsa mawu, "n'kupita kukafufuza."

Anakoka nsapato yoduka lamba imene inali pamzere n'kupitiriza ntchito. Akanakalipa ndikanadziwa poyankhira. Manyazi anandigwira mpaka ndinalephera kutsanzika, ndiye ndinangokhala pabenchi paja, chikwama pamiyendo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinayang'anitsitsa bambo anga akugwira ntchito, m'malo modikira kuti anena chiyani.

Zala zinalidi zong'ambika. Koma ndinaonanso china. Pofuna kulowetsa ulusi m'singano, anatambasula mkono kutali, kutsinzina diso limodzi, kuphonya katatu, kenako n'kutembenukira kukhoma kuti ndisaone, n'kuyamba kufufuza bowolo mongopapasa. Misomali ankaisankha ndi nsonga za zala, osayang'ana m'bokosi. Kumbuyo kwa kakhadi kaja zonse zinalembedwa bwinobwino, ndipo bambo anga, amene ankatiwerengera nyuzipepala mokweza tili ana, akutsutsa wolemba aliyense, anakagwira miyezi yonseyi osatha kuwerengapo ngakhale liwu limodzi.

Ndinawafunsa kuti maso anayamba liti. Anati maso awo alibe vuto lililonse, koma opanga singano a masiku ano ndi aulesi, akuboola timabowo tosaoneka. Anayesanso kawiri. Kenako, osandiyang'ana, anatambasula dzanja n'kundipatsa singano ndi ulusi.

"Amayi ako usawauze."