Buku Limene Jailosi Anasuta

Jailosi anachoka ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda. Za pepala ankadziwa chimodzi chokha: limayaka. La thumba la simenti linkamutsokomoletsa, la nyuzipepala linkamukomera koma linkasowa. Munthu ameneyu ankatha kuyenda mpaka kwa Kamwendo kukatola mapepala okulungira zitumbuwa kuti apichiremo chingambwe chake.

Sukulu yaulere itayamba, mwana wake Luwiza analowa Sitandade 1. Kamtsikanako kanali kochangamuka, moti aphunzitsi anakabwereka buku kuti kazipita nalo kunyumba. Anakaonetsa poyambira, ndi momwe chala chimayendera pamzere. Anakachenjezanso kuti bukulo likaonongeka kasadzapondenso m'kalasi.

Jailosi analigwira bukulo, n'kulinunkhiza, n'kumeza malovu. Pepala lake linali lofewa.

"Masamba amene wamaliza ali ndi ntchito yanji?" anafunsa.

"Ababa, ndi la aphunzitsi."

"Aphunzitsiwo analiwerenga kale. Ine ndizingochotsa amene wadutsa."

Kunena zoona, lonjezo lakelo ankafuna kulisunga. Koma buku kwa iye linalibe mutu kapena miyendo. Luwiza akapita kumjigo, iye ankalitola chozondotsa, n'kutsegula kumene dzanja lagwera, n'kung'amba. Ankang'amba kumapeto, kumene mwana anali asanafike. Luwiza ankawerenga kutsogolo, bambo ake akusuta kumbuyo, mpaka tsiku lina anakumana pakati.

Mwana anatembenuza tsamba n'kupeza chikuto. Analira mpaka mawu kutha. Jailosi anamuwomba mbama chifukwa chosokosa, n'kunena kuti wolakwa ndi iyeyo powerenga mochedwa.

Kusukulu aphunzitsi anakweza zotsalazo m'mwamba, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Anamukwapula Luwiza, n'kumuuza kuti adzabwere ndi buku lathunthu. Buku lathunthu akanalitenga kuti mwana wa tenanti? Sabata yomweyo Luwiza anayamba kusoka fodya m'chigafa, ndipo kusukulu sanabwererenso. Ndi nkhani yopsetsa mtima mpaka lero.

Jailosi anakalamba osamva chisoni. Anthu akamukumbutsa ankangoseka, mano ali bii.

"Sukulu ndi yabwino," ankatero. "Fodya wake sakanda kukhosi."

Luwiza pano ndi mayi wa ana anayi, tenanti ngati bambo ake. Mukamupatsa pepala amaligwira bwinobwino, chala n'kuchiika poyambira penipeni. Amatchula a, e, i, o, u, kenako chalacho chimaima.