Chinangwa Chofiira cha Boma

Dzulo anyamata okonza msewu wa ku Namitambo anakhoma zikhomo zopaka penti wofiira pafupi ndi nyumba yanga. Fungo la pentiyo linandibwezera kumunda kwa amayi, ndili kamtsikana kongoguluka mano.

Nthawi imeneyo anthu a boma anadzakhoma zikhomo zotere m'mphepete mwa munda wathu. Ine ndinkayesa azungu akubzala chinangwa chawo, koma osadziwa kabzalidwe: choimika njo, panthaka youma gwa. Ndinawamvera chisoni. Ndinazizula zonse n'kukazibzala chopendeketsa pamzere, monga ankachitira amayi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazithirira.

Patapita masiku atatu kunafika mesenjala wa boma, chingwe chili m'manja. Masiku amenewo wozula zikhomo ankatengedwa ngati woukira boma, ndipo kwake kunali kundende.

"Wazula ndani?" anafunsa anthu amene anasonkhana.

"Ife sitinaone kanthu, bwana," anatero a Nangondo oyandikana nafe, omwe anandithandiza kusenza mtolo wa zikhomozo.

Mesenjala anagwira dzanja la abambo, poti ndiwo mwamuna wa pakhomo. Ndinakuwa ndikulira: "Musawamange! Sizinafe ayi, zangochedwa kuphuka!"

Ndinamutengera kumzere kuja. Anayang'anitsitsa zikhomo zonyowazo, n'kuseka mpaka chipewa kugwa. Abambo anangokhala pansi pomwepo, amayi akupukuta misozi ndi nsalu.

Msewu unadutsadi, ndipo ndi womwe unadzanditengera kuchipatala pobereka ana anga. Lero ndakalamba, ndipo ndazindikira kuti chimene chinapulumutsa khomo lathu si kuseka kwa mesenjala kokha: theka la mudzi linandiona zikhomo zili pamutu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa.