Bishopu Amene Bamdala Anagwira

Chesi ndinaiphunzira ku Dambwa, komboni ya mu Livingstone, kuseri kwa shopu yometera, atandichotsa sukulu. Anandiphunzitsa ndi bamdala ena amene anapuma pantchito ya njanji. Anali ndi chizolowezi chonditopetsa: akamaganiza, ankagwira chilichonse pabolodi, kuchizunguza ndi zala, kuchisiya, n'kusuntha china. Ku Dambwa palibe ankadandaula. Kumpikisano lamulo ndi lina: chimene wagwira, usunthe chomwecho.

Mpikisano wa mu Livingstone unachitikira muholo ya sukulu yomwe inandithamangitsa. Wopambana ankapita kukasewera ku Lusaka. Ine ndinkangofuna kuchoka m'tauni ino, momwe aliyense amandifunsa giredi imene ndinalekezera. Masewero omaliza anandigwetsera bamdala omwewo.

Ndinatsogoza poni ya patsogolo pa mfumu. Iwo anayankha ndi Sisiliyani, chiyambi chimene anandilowezetsa mpaka kundikwana. Tisanapite patali ndinakankha poni ina kuopseza hatchi yawo. Yankho linali losavuta, ngakhale mwana akanaliona: kuthawitsa hatchiyo. Koma iwo anayamba kuganiza, dzanja n'kupita pa bishopu. Anamuzunguza, kumusiya, n'kutambasulira dzanja ku hatchi.

Ndinaimitsa wotchi yotiwerengera nthawi, n'kuitana woyang'anira masewero. Atawafunsa ngati anagwiradi bishopu, sanakane. Anangondiyang'ana.

"Mwana wanga, uziba ni mwamene nimaganizila."

"Ni lamulo, bamdala. Sindine n'nalemba."

Anasuntha bishopu, ine ndinadya hatchi. Anapitiriza kusewera mpaka kumapeto, manja atawapanikiza pakati pa mawondo, kuwatulutsa pokhapokha posuntha. Atagonja anandigwira chanza, n'kundiuza kuti ku Lusaka ndisamathamangire kutulutsa mfumukazi.

Anzanga amati ndinachita bwino, malamulo ndi malamulo. Zimenezo ndikuzidziwa, asandiuze. Chimene sadziwa n'chakuti pokankha poni ija sindinkayang'ana hatchi. Ndinkayang'ana dzanja lawo, kulidikira.

Ku Lusaka ndinapita, ana a sukulu anandikwapula, ndinabwerako. Bamdala akadali kuseri kwa shopu ija. Ndikadutsa amandikodola, bolodi atayala kale, ndipo nthawi zina ndimakhala. Masiku ano amasewera atakhalira manja awo, ngakhale ndi tiana. Tsiku lina ndinawauza kuti kuno ni ku Dambwa, agwire chimene akufuna. Anati ayi, anaphunzira.