Akatswili atatu, galasi limodzi

Sindine munthu wa zipatala. Koma chifuwa chitakana mankhwala a ku Nyimba, mwana wanga wamkazi ananditengela ku Lusaka. Kuchipatala anandijambula m'chifuwa, napeza kachotupa m'mapapo. Dokotala analowetsa singano yaitali pakati pa nthiti, natapa kanyama kosafika njele ya mapila. Sindinabuule. Nditabwelela kwathu ku Ndake ndinauza anthu kuti singanoyo iluma ngati udzudzu basi.

Kanyamako anakapaka pagalasi, akatswili atatu nakayang'ana ndi makina okuza tinthu tating'ono. Mwana wanga anaimba foni. Woyamba akuti ndi khansa. Wachiwili akuti zifanana ndi khansa koma sangalumbile. Wachitatu akuti kanyamako kachepa, mwina ndi chipsela chakale. Tsono ndipitenso akandibaye.

"Galasi lake ndi limodzi?" ndinafunsa.

"Limodzi, atate."

"Uwauze ayambe amvana okhaokha. Chifuwa changa si nkhokwe yakuti aliyense azitapamo."

Ndinadula foni. Amai akunyumba anali pamphasa, kusankha thonje, loyela uku, lothimbilila uko. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Chaka chatha inu ndi ang'ono anu munakangana mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha thonje lodzala dzanja limodzi," anatelo. "Inu mukuti ndi loyela, iwo akuti iyai. Nonse aŵili maso muli nawo."

"Thonje si mapapo."

"Eya, bambo. Nanga munathetsa bwanji?"

Tinathetsa potapanso lina m'thumba, pansi penipeni. Amaiwo anali kudziwa, chifukwa thumbalo anamasula ndi iwo.

"Kapena muopa udzudzu uja?"

M'nyumba mwanga sindifunsidwa mafunso otelo. Ndinawauza kuti achape shati yanga yoyela ya paulendo.

Singano yachiwili inalowa mozama kuposa yoyamba. Apo ndinabuula, koma pang'ono, ndipo chitseko chinali chotseka. Ulendo uno atatu aja ananena chimodzi: ndi khansa, ikali yaing'ono, itheka kuchotsa. Mwana wanga analila. Ine ndinauza dokotala kuti akapeleke moni kwa anzakewo, awauze kuti ndakondwa kuti amvana, ngakhale amvana pa chinthu choipa.

Anaichotsa tisanabzale. Chaka chimenecho ndinalima theka la munda, kupumila pa mzele uliwonse, amai akunyumba ali kutsogolo kunamizila kuti khasu lawo lagweluka kuti ndiwapeze.