Masamu a M'zala za Rodwell

Inu amene mwatopa ndi moyo, imvani za Rodwell Sichali.

Mu 1996 anafika kwawo ku Misuku atagwidwa padzanja. Matenda anali atamupha maso ali pakati pa kafukufuku wa masamu kuyunivesite. Mkazi wake anakana kubwera naye. Amene anamulandira ndi mlongo wake Eleanor, mayi wamasiye wolima khofi.

Masamu akewo anali a madontho olumikizidwa ndi mizere. Umapaka madonthowo utoto, koma awiri olumikizana asafanane. Zojambula zina zimafuna mitundu yochepa kwambiri ya utoto, ndipo akatswiri amati n'zangwiro. Zina zimaphonya ungwirowo pang'ono pokha. Rodwell ankafufuza zophonyazo pozisandutsa zinthu zamakonamakona n'kumawerenga mbali zake. Tsono wakhungu akanajambula bwanji?

Chaka chathunthu anangokhala pakhonde, duu. Kenako anapempha dothi ndi nsungwi. Ankaumba timibulu n'kutilumikiza ndi timitengo, zala zikuyenda kona ndi kona.

Mwana wina atamwalira m'mudzimo, anthu anati zoumbazo ndi ndege za ufiti. Anaziphwanya zonse, mwiniwake n'kumuthyola nthiti ziwiri.

"Adumbu, zisiyeni izi," anatero Eleanor kwa mlongo wakeyo. "Atipha anthuwa."

"Aphwanya dothi chabe. Makonawo ali m'mutu muno. Tenga cholembera."

Eleanor analekezera Sitandade 8, koma akaweruka kumunda ankalemba chizindikiro chilichonse monga wauzidwira. Anatumiza ntchitoyo kwa akatswiri a kunja. Inabwezedwa. Anaikonza, inabwezedwanso, ndipo akatswiriwo sanalakwe: Rodwell anali ataphonya mbali imodzi. Kuti aipeze zinamutengera zaka ziwiri, Eleanor akulemba uku akutsokomola magazi.

Kalata yovomereza inafika mu 2003, patatha miyezi inayi Eleanor ataikidwa m'manda. Mphunzitsi wa sukulu yapafupi ndiye anamuwerengera. Rodwell sanasekerere.

"Aphunzitsi, ayankheni kuti dzina la Eleanor likhale pamwamba pa langa. Apo ayi, asasindikize."

Akatswiriwo anavomera. Chaka chotsatira yunivesite inamuitananso, ndipo ophunzira ankadzaza mpaka m'mawindo kuti amumve. Maso sanabwerere. Mlongo wake sanaone dzina lake losindikizidwa.

Abale, si zonse zotayika zimene zimabwerera. Lirani ngati n'kulira, koma mukatero dzukani, mugwire ntchito ndi chimene chakutsalirani. Musataye mtima.