Dzina Langa Linapita ku Brazil

Dzina limene ndinaphunzira nalo sukulu silinali langa. Ndinalilandira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pamzere wa ufa kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, m'Malawi. Amayi anali atamwalira m'njira. Abambo anatengedwa ndi ankhondo a m'tchire kuti aziwasenzera katundu, ndipo sanabwerenso. Kwathu ku Zóbuè anthu sankanena kuti anagwidwa, ankati anapita okha. Ndinatsala ndi agogo, obereka amayi anga, ndi amalume.

Olembera anthu pamsasapo ankafuna pepala, ine ndinalibe. Amalume anali ndi sedula, kapepala ka kubadwa kopanda chithunzi, ka mwana wawo amene anatsala ndi amayi ake ku Moatize. Tinali amsinkhu umodzi. Anandikankhira kutsogolo n'kunena kuti, "Wanga uyu." Agogo ananditsina khutu.

"Akaitana dzina limenelo uziyankha. Ukapanda kuyankha sudya."

Mabanja ambiri anachita zomwezo. Ndinayankha pamzere, ndinayankha m'kalasi, mpaka agogo omwe anazolowera kundiitana choncho.

Mtendere utabwera tinabwerera ku Zóbuè, ndipo palibe amene anaganiza zokonza mapepala. Amalume anakhala katekisita wa Akatolika, khadi la chipani lili m'thumba la malaya. Agogo anakakamira katchalitchi kawo ka udzu kamene anakapeza ku Malawi, ndipo ine ndinabatizidwa kumeneko, mumtsinje, popanda cholembedwa chilichonse.

Sekondale ndinakaphunzira ndikukhala kwa akazi a amalume ku Moatize. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi msuweni wanga, anthu awiri dzina limodzi. Panyumba dzinalo linali lake, ine ankangonditcha Wakumalawi. Kusukulu linali langa, chifukwa iye anasiyira panjira n'kumaswera kusiteshoni ya sitima. Makalasi omaliza ndinkapalasa njinga mpaka ku Tete, kuwoloka mlatho. Ndikamabwera thukuta lili kamukamu, msuweni wanga ankandilandira ndi nthabwala za chisuweni.

"Limbikira, wantchito wanga! Ndamva kuti ndakhozanso masamu. Ine nzeru zimandibwerera ndili m'tulo."

Ndinkaseka, poti msuweni sakwiyiridwa.

Masiku amenewo mwana wa mlimi ankapita kukaphunzira kunja podzera makomo awiri, la mpingo kapena la chipani, ndipo kawirikawiri ankafunika onse awiri. Chaka chimene ndinamaliza kalasi ya khumi ndi chiwiri, padiri analengeza kuti univesidade ina ya mpingo ku Brazil yapereka bolosa, malo aulere a mnyamata mmodzi wa m'parishi. Pankafunika satifiketi ya sukulu, kalata ya ubatizo, ndi kalata ya sekeretariyo, mkulu wa chipani m'dera, yonena kuti banja lake ndi lokhulupirika. Mphunzitsi wanga wa Chipwitikizi anandipatsa fomu, ndinasayina, ndipo patapita miyezi itatu dzina linatuluka.

Amalume anandiitanitsa ku Zóbuè. Ndinawapeza pakhonde la agogo dzuwa lili paliwombo, atayala mapepala atatu pamphasa, lililonse atalitsindira kamwala. Agogo ankasongola nyemba pambali.

"Mphwanga, tawerenga ili. Ndi la yani?"

"Satifiketi yanga, amalume."

"Werenga dzina."

Ndinawerenga.

"Dzinalo ndinalitchula ndine, mwana wanga ali ndi masiku asanu ndi atatu. Nanga ili la ubatizo? Anathiridwa madzi pamaso pa padiri ndi ndani? Iwe anangokuviika mumtsinje ngati chinangwa." Ananyamula lachitatu. "Ili likunena kuti bambo wa mwanayu ndi munthu wa chipani. Ukufuna tifufute, tilembepo dzina la abambo ako? Tikalembe kuti ankasenzera ndani?"

Ndinayang'ana agogo. Kwathu mwana wa mlongo ndiye wa malume, mwana wobereka yekha ndi wa kuchikazi. Pamwambo ine ndinali wa pakhomo pamenepo, msuweni wanga anali mlendo. Agogo ankadziwa zimenezi kuposa tonse. Sanadzutse mutu.

"Dzinalo lakudyetsa zaka khumi ndi zinayi," anatero agogo. "Mwini wake walifuna."

Denga la malata limene linatiphimba tsiku limenelo anakhoma ndi amalume. Munda umene nyembazo zinachokera anawadulira ndi sekeretariyo. Ndinaziona zonsezi, ndinasiya mapepalawo pamphasa.

Lolemba ndinapita kwa padiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatsegula buku la ubatizo n'kulozapo ndi chala.

"M'buku muno dzinali lili ndi munthu mmodzi, ndipo si iwe. Ngati zimene ukunenazi n'zoona, ndiye kuti parishi yatumiza mapepala achinyengo. Atilanda malowa, ndipo sadzatipatsanso. Ukufuna kutsekera ana onse obwera m'mbuyo mwako?"

Anandiuza kuti ndikayamba kuphunzira katekisimu, pakatha zaka ziwiri angandibatize, kenaka tidzaona. Kwa sekeretariyo sindinalowe n'komwe. Anandionera pawindo n'kufunsa mlonda mokweza kuti, "Si mwana wa uja anapita kutchire ameneyu?"

Kutatsala sabata kuti anyamuke, msuweni wanga anabwera ndi kope ndi cholembera. Ku ofesi ya pasipoti anamuuza kuti asayine mofanana ndi pafomu, ndipo pafomupo panali dzanja langa.

"Suwe, tandiphunzitsa kusayina dzina langa. Iwenso unalipotoza dala eti? Mchira wonsewu n'ngwachiyani?"

Ndinamugwira dzanja. Tinadzaza masamba anayi, iye akuseka, mpaka mchirawo unakhala. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinamuphunzitse molakwika.

Tsiku lonyamuka mpingo unamuimbira, sekeretariyo analankhula za ana a dziko opita kukatenga nzeru. Agogo anamupatsa nyemba m'kathumba. Galimoto itapita tinatsika kumunda ndi agogo, ine patsogolo. Ndinamva akuitana munthu kumbuyo kwanga. Anaitana kachiwiri, kachitatu. Linali dzina limene amayi anandipatsa. Ndinali nditaiwala kamvekedwe kake.

"Ukugontha? Ndi iwe amene. Kuyambira lero uziyankha limeneli."

Ananena ngati akundipatsa mphatso.

Makalata a msuweni wanga ankabwera m'Chipwitikizi, ndipo wowerengera agogo ndinali ine. Ankasimba za misa ya m'mawa imene aliyense wa bolosa ankayenera kupezekapo, ndi za misonkhano ya ophunzira a kwathu kumene wina ankalemba amene wajomba. Zimenezo sankaphonya. Za mayeso sankatchula. M'munsi mwa kalata iliyonse munali dzanja langa, ndi mchira wake. Chaka chachiwiri chisanathe anamuchotsa pasukulu. Sanabwerere, ndipo satifiketi inatsala naye komweko.

Ndinapita kusukulu yanga ku Tete kukapempha ina. Mlembi anayang'ana m'kaundula n'kunena kuti mwini dzinali ali kunja, abwere yekha ndi chiphaso chake.

Agogo anapita nane ku ofesi ya kalembera ku Moatize kukandichitira umboni kuti ndinabadwa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Wolembera anafunsa dzina, agogo ananena. Anafunsa la abambo, ananena motsitsa mawu. Anafunsa ngati ndinapitako kusukulu, ndipo agogo anandiyang'ana.

"Ayi," ndinatero.

Anandikankhira kabokosi ka inki. Cholembera chinali pomwepo patebulo, koma dzina limenelo ndinali ndisanalilembepo chibadwire. Ndinadinda chala.