Nandolo Waphulusa M'chitini cha Achimwene

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima zaka zoposa makumi asanu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa, abusa sindinawauze, ndipo kufikira mwezi wathawu panalibe munthu amene anaimva kuchokera pakamwa panga. Ndikuilemba ndekha, ndi dzanja limene linazolowera cholembera litachita kale makwinya.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu koma ndili mu Sitandade 2, pasukulu ina kufupi ndi Milepa. Pamene anzanga ankayamba sukulu, ine ndinali kubusa ndi mbuzi za amalume. Nditalowa m'kalasi, ana ankanditchula kuti agogo. Zilembo zinkandizunguza mutu, koma diso ndinali nalo. Mbuzi ikasowa ndinkadziwa ndisanamalize n'kuziyang'ana komwe.

Diso limenelo analiona ndi aphunzitsi a Makwinja, amene ankaphunzitsa masamu komanso kuyang'anira timu ya mpira. Anali munthu wosakhulupirira phokoso. Ankati anthu amaimbira nyimbo womwetsa chigoli, koma amene walanda mpira n'kuupereka bwino palibe amamukumbukira. Chaka chimenecho analengeza kuti wosewera bwino kuposa onse adzalandira jombo za mpira, ndipo ndi amene adzapite ku Boma kukayesedwa m'timu ya masukulu. Tonse tinkasewera osavala nsapato. Jombozo anazipachika pamsomali mu ofesi, ndipo anyamata ankadutsa dala pawindo kuti azione.

"Koma sitisankha ndi pakamwa," anatero. "Tisankha ndi nandolo."

Anasonkhanitsa zitini, wosewera aliyense chake. Lamulo linali lotere: munthu akapatsira mnzake mpira n'kufika, njere imodzi ya nandolo m'chitini mwake. Akalanda mpira kwa mdani, njere imodzi. Akamwetsa chigoli, njere zitatu. Akataya mpira mwachibwana, njere imodzi ituluke. Ntchito yoponya njerezo anaipereka kwa ine.

Sindinayambe ndalemekezedwapo chotero. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo, zitini zili ndondondo patsogolo panga, nandolo woyera wa aphunzitsi ali m'chipewa. Ana omwe aja ankanditchula agogo ankabwera mwakachetechete kudzamvetsera njere ikulira "ngwe!" m'chitini.

Ndipo timu inali timu. Tinasewera masewero khumi osagonja. Tsiku limene tinakagonjetsa anyamata a ku Mikolongwe pabwalo lawo lomwe, tinabwerera wapansi tikuimba, fumbi lili mpaka m'mano, azimayi akutuluka m'minda ndi makasu n'kumatiimbira nthungululu. Zigoli ziwiri za tsikulo anamwetsa ndi achimwene anga, a Fanuwelo, amene ndinapondana nawo. Ankathamanga ngati pansi pakuwaotcha. Koma pakati pa bwalo panali Daudi, mnyamata wamfupi wosayankhulayankhula, amene mpira ukamufika sunkatayika. Daudi anasewera masewero onse khumi. Achimwene anasewera asanu ndi atatu okha, chifukwa anadzitema ndi khasu pachala n'kukhala milungu iwiri akutsimphina.

M'mawa wa tsiku lowerenga, aphunzitsi anandituma kukatenga dengu la zitini kunyumba kwawo. Dzulo lake ndinali nditachita kale chinthu chimene sanandilole: ndinakhuthula zitini ziwiri n'kuwerenga monga mbusa, milu ya njere khumikhumi. Daudi anali ndi milu khumi ndi iwiri yodzaza. Achimwene anali ndi milu khumi ndi njere zinayi zapadera. Mtima unandipweteka. Choncho pochoka kwathu ndinapisa dzanja mumtsuko momwe amayi ankasungira nandolo wa mbewu, n'kuika m'thumba milu iwiri.

Panjira ndinakumana ndi achimwene. Anandinyamulirako dengu powoloka kamtsinje, kenaka anathamangira anzawo. Ine ndinakhota kuseri kwa chulu n'kuthira njere zija m'chitini mwawo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti amayi, monga amayi onse kwathu, ankasakaniza mbewu ndi phulusa kuopa anankafumbwe. Ndinazipukuta pakabudula, inde, koma phulusa limakanirira pakamchombo ka njere.

Sukulu yonse inakhala pansi pabwalo. Aphunzitsi anaika tebulo, jombo pambali pake. Anafotokoza kuti akawerenga njere za munthu, azigawa ndi masewero amene munthuyo anasewera. Mawu amenewo ndinawamva, koma anangodutsa. Ku Sitandade 2 tinali tisanafike pa kugawa. Kwa ine mulu waukulu unali mulu waukulu basi.

Atakhuthula chitini cha achimwene, anaima. Anayang'ana zala zawo, zili mbuu. Anatola njere imodzi, naiuzira.

"Nandolo wanga alibe phulusa," anatero motsitsa mawu. "Sailesi, dengu ili analigwira wina?"

Sailesi ndine. Ndinayankha kuti, "Achimwene anandinyamulirako pamtsinje."

Sindinaname, komabe bodza loposa limenelo sindinanenepo. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana kumbali. Aphunzitsi anakokolola njere zonse za chitinicho osaziwerenga n'kuzibwezera m'thumba, ndipo dzina la Fanuwelo analifafaniza. Jombo anatenga Daudi.

Dzina linayamba tsiku lomwelo. Kamnyamata kena kanakuwa kuti, "Aphulusa!" ndipo bwalo lonse linaseka. Achimwene sanapondenso mpira. Anakwatira ku Kadewere, nabereka ana, nalima fodya ndi chimanga, koma dzinalo linawatsata. Pamaliro, kumsika, ngakhale kutchalitchi, anthu ankati a Phulusa, ena osadziwa n'komwe kumene linachokera. Iwo ankavomera. Ine ndinasiya sukulu chaka chotsatira, chifukwa sindinkatha kuyang'ana a Makwinja kumaso. Ndinadzabwerera ku sukulu ya kwacha ndili ndi imvi, n'kuphunzira kulemba kalata ndi kugawa nambala. Koma milu ija, khumi ndi iwiri, khumi ndi njere zinayi, ndinkangoinyamula m'mutu ngati mwala, osaganiza kuti ingagawidwe.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tadala, amene amakonda mpira kuposa anyamata, ankakangana ndi mnzake pakhonde za osewera akunja a chaka chatha. Anali ndi mndandanda pafoni.

"Uyu wagoletsa zambiri, koma taona wasewera kangati," ankatero Tadala. "Usamaone mulu, iwe. Uziona pa gemu imodzi."

Ndinamufunsa kuti abwereze. Anandionetsa: mipira yopatsira, mipira yolanda, mipira yotaya, zonse zogawidwa ndi masewero. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Zimenezi a Makwinja ankachita ndi zitini, amayi ako asanabadwe."

"Agogo inunso! Zitini?"

Kenaka ndinakumbukira milu ija. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Njere za Daudi, kugawa ndi masewero khumi: khumi ndi ziwiri. Njere za achimwene, zawozawo zopanda phulusa, kugawa ndi masewero asanu ndi atatu. Ndinachita katatu. Tadala anayesa pafoni, yankho linali lomwelo: khumi ndi zitatu.

Achimwene anali atapambana kale. Ndinabera munthu amene anali patsogolo.

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka ku Kadewere. Ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka thumba, maso atayandikiza kwambiri pasingano. Titapatsana moni, ndinachoka pampando n'kukhala pansi.

"Achimwene, nandolo uja ndinathira ndine."

Sanasiye kusoka. "Nanga ukuyesa ndinkati anathira ndani? Mbuzi?"

"Bwanji simunanene?"

"Akanakuchotsa sukulu. Unali utangoyamba kumene, chimunthu chachikulu pakati pa tiana." Analuma ulusi. "Ndiye iwe n'kusiyanso wekha. Pamenepo ndiye unandipsetsa mtima, osati pa nandolo."

Ndinalira, munthu wa zidzukulu. Kenaka ndinawauza za kugawa kuja. Ndinajambula pansi masewero asanu ndi atatu, ndi khumi a Daudi. Anaika thumba pambali.

"Tanenanso. Ine zingati?"

"Khumi ndi zitatu."

"Daudi?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Ndi chala chotemeka chija?"

"Ndi chala chomwecho."

Anadzuka, munthu woyenda ndi ndodo, n'kukankha chisononkho cha chimanga ndi phazi mpaka chinakagunda chitseko cha khola. Nkhuku zinabalalika. "Anaphiri!" anatero poitana alamu anga. "Tabwerani mudzamve amuna amene munakwatiwa nawo!" Atakhala pansi, akupuma mwa befu, anandiloza ndi singano. "Koma kundiuza ine pansi pa mtengo sikuthandiza. Ine ndinkadziwa theka. Amene amanditchula Phulusa ali kutchalitchi mawa. Daudi yemwe ndi dikoni kumeneko."

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti chimene chinandilakwitsa si chikondi chokha ayi. Ndinaona milu iwiri, n'kuyesa kuti ndaona zonse. A Makwinja anali atakonza njira yoti munthu wovulala asaponderezedwe, koma ine, posaimvetsa, sindinaikhulupirire, ndipo ndinaika dzanja langa pamene sipankafunika dzanja. Ndikanangonyamula dengu n'kukalitula, jombo zija zikanalowa m'nyumba mwathu.

M'mawa mwake ndinavala jekete, n'kupempha alamu nandolo wodzaza mbale. Itafika nthawi ya zolengeza, ndinaimika dzanja. Ndinapita kutsogolo. Ndinanena zonse: chulu, mtsuko wa amayi, ndi mawu aja a pamtsinje.

A Daudi anaimirira, mutu uli mbee. "Abale, jombo zimenezo zinandithina chaka chonse, mwina n'chifukwa chake," anatero, anthu n'kuseka. "Koma ine za pakamwa ayi. A Makwinja ankati tisankha ndi nandolo. Tawerengani tione."

Ndinakhuthulira nandolo patebulo. Ndinawerenga njere za a Daudi, iwo akuyang'anitsitsa, n'kuzigawa m'magulu khumi. Kenaka za achimwene, m'magulu asanu ndi atatu. Ana anaunjikana n'kumawerenga nane mokweza. Pagulu la a Daudi anaima pa khumi ndi ziwiri. Pagulu la achimwene anafika pa khumi ndi ziwiri, njere imodzi ikadali patebulo.

A Daudi anaitola okha njereyo. Anaiuzira, naiyang'ana uku ndi uku. "Ilibe phulusa," anatero, n'kupita kukaiika m'dzanja la achimwene.

Pamenepo ndinatulutsa pepala limene ndinalemba ndekha, ndipo nthungululu zili pakati ndinawerenga mokweza, osaphonya chilembo: "Wachiwiri, Daudi. Woyamba, Fanuwelo."